Chaka chimene ndinathera ndikusaka jini limodzi m'malovu a nkhupakupa

Pamene ndinkayamba kafukufuku wa digiri yanga yachiwiri, ndinali ndi funso limene ndinkaliona ngati lopepuka kwambiri. Ndinkafuna kudziwa puloteni ya m'malovu a nkhupakupa imene imachititsa kuti nyama yolumidwa isamve kuyabwa, komanso kuona ngati nkhupakupayo ingapitirize kuyamwa magazi jini lopanga puloteniyo, kutanthauza kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo oipangira, litatsekedwa. Pa ndondomeko yanga ya ntchito ndinalemba kuti yankho lidzapezeka pakatha miyezi 6. Chaka chathunthu chinatha ndilibe chotsatira n'chimodzi chomwe choti n'kuonetsa munthu, ndipo vuto silinali makina kapena mankhwala a m'labotale ayi, koma maganizo amene ndinalowa nawo m'ntchitoyo. Ndinkaganiza kuti malovu a nkhupakupa ali ngati mankhwala a m'botolo, amene zosakaniza zake n'zowerengeka ndipo sizisintha. Ndikulemba zimene zinandichitikira kuti wophunzira amene akuyamba kumene kufufuza majini a tizilombo toyamwa magazi asadzapunthwe pamene ine ndinapunthwa.

Udzudzu ukaluma umatsiriza ntchito yake m'mphindi zochepa n'kuuluka, koma nkhupakupa yaikazi ya m'gulu la zolimba khungu imamatirira pamalo amodzi kwa sabata yathunthu kapena kupitirira apo, ndipo pomadzagwa imakhala italemera kuwirikiza ka 100 poyerekeza ndi mmene inalili pofika. Siilowetsa mlomo wake mumtsempha ngati jakisoni. Imacheka khungu ndi tiziwalo take ta pakamwa n'kupanga kadziwe ka magazi pansi pa khungulo, ndipo kadziwe kameneko kayenera kukhala kosauma masiku onsewo. Thupi la nyama silimangoonerera zimenezi. Mitsempha imafinyika, tizigawo ta magazi totchedwa ma platelet timaunjikana pabalapo, magazi amayamba kuundana, maselo ena amatulutsa histamine amene amabweretsa kuyabwa ndi kutupa, maselo oyera amathamangirako, khungu nalo limayamba kudzikonza. Chilichonse mwa zimenezi chikanakwanira kugonjetsa nkhupakupa, kaya poimana chakudya kapena pochititsa kuti nyamayo idzikande n'kuichotsa. Chida chimene nkhupakupa imalimbana nacho ndi zonsezi ndi malovu, ndipo imawatulutsa ambiri chifukwa madzi ochuluka a m'magazi amene yayamwa imawabweza m'thupi la nyamayo kudzera m'malovu omwewo, moti kuyamwa ndi kulavula kumasinthana mpaka tsiku limene idzagwe.

Mphamvu ya malovuwa ndinaiona pa thupi langa ndisanaimvetse bwino m'mabuku. Tsiku lina tinapita kukatola nkhupakupa m'maudzu pokoka nsalu yoyera, ndipo patapita masiku atatu ndinapeza kamwana ka nkhupakupa kuseri kwa bondo langa, katatupa kale ndi magazi. Sindinamve kupweteka kapena kuyabwa kulikonse masiku onse atatuwo. M'malo mochita mantha ndinasangalala, koma phunziro limene ndinatengapo linali lolakwika, chifukwa ndinatsimikiza mumtima kuti payenera kukhala chinthu chimodzi champhamvu chimene chimagonetsa khungu, ndipo ntchito yanga inali yongochipeza.

Ndinasankha kugwira ntchito ndi nkhupakupa yotchedwa Rhipicephalus appendiculatus, imene imakonda kuluma ng'ombe m'makutu ndipo imafalitsa kachilombo ka Theileria parva koyambitsa matenda a East Coast fever. Chimene chinandikopa n'chakuti mu 1999 gulu la akatswiri a ku Oxford, kuphatikizapo Guido Paesen ndi Patricia Nuttall, linafotokoza mapuloteni atatu a m'malovu a nkhupakupa imeneyi amene amagwira histamine n'kumutsekera mkati mwawo asanafike pa maselo a nyama. Mapuloteniwa ndi a m'banja lotchedwa lipocalin, ndipo akapindika amaoneka ngati kamgolo kokhala ndi mphako. Awiri anapezeka mwa zazikazi, imodzi mwa zazimuna. Mfundo yakuti yaimuna ndi yaikazi zili ndi mapuloteni osiyana a ntchito imodzimodziyo inayenera kundichenjeza kuti nkhaniyi si ya jini limodzi, koma ndinaiwerenga n'kungoidutsa.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku inali yofuna kudekha. Nkhupakupa tinkazidyetsa pa makutu a akalulu m'timatumba ta nsalu, ndipo zikayamwa masiku angapo ndinkazichotsa n'kuzing'amba pansi pa maikulosikopu m'madzi ozizira amchere. Tiziwalo topanga malovu timakhala tiwiri, mbali iyi ndi iyo, toyera ndiponso tooneka ngati phava la mphesa, ndipo luso lake lagona pa kutichotsa popanda kuboola matumbo, chifukwa matumbo akaphulika magazi a kalulu amadzaza paliponse. Kuchokera m'tiziwaloti ndinkatulutsa RNA, imene imanyamula uthenga wa majini otseguka, kuisandutsa DNA, kenako n'kuchulukitsa jini limene ndinkafuna pogwiritsa ntchito PCR. Ma primer anga, amene ndi tizidutswa tatifupi ta DNA tolozera pamene kuchulukitsako kuyambire ndi kuthera, ndinawapanga potengera mndandanda wa zilembo za jini limene linasindikizidwa kale. Pa jelo, imene imasiyanitsa zidutswa za DNA potengera kutalika kwake, zonse zinkaoneka bwino, mzere umodzi wowala pamalo oyenera. Koma zotsatira za kuwerenga zilembo za DNA zikabwera, pamalo pamene panayenera kukhala nsonga imodzi ya pa chithunzi yoimira chilembo chimodzi pankaoneka nsonga ziwiri kapena zitatu zosanjikizana, moti kompyuta inkalephera kunena kuti chilembo chake n'chiti.

Ndinaganiza kuti ndaipitsa ntchito yanga ndi DNA yochokera kwina. Ndinataya mankhwala onse amene ndinali nditatsegula, ndinapukuta tebulo ndi zipangizo, ndinaitanitsa ma primer atsopano ofanana ndendende ndi akale aja, ndipo ndinayamba kugwira ntchito usiku pamene anzanga kulibe poganiza kuti mwina ndi iwo amene ankandisokonezera. Miyezi itatu inathera pamenepo. Ndinkachita manyazi kuonetsa zithunzizo kwa aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga, ndipo manyazi amenewa ndi amene anandidyera nthawi kuposa china chilichonse. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kuwaonetsa, anayang'ana zithunzizo kanthawi ndithu kenako anati, "Inu mukuti mwaipitsa DNA yanu. Nanga ngati nsonga zonsezi zili za nkhupakupa yomweyo? Mwawerengapo kuti banja limeneli lili ndi majini angati?" Ndinayankha kuti, "Atatu, aphunzitsi." Iwo anangoseka pang'ono n'kundiuza kuti ndilowetse zidutswa za DNA zija m'mabakiteriya, kuti bakiteriya aliyense atenge chidutswa chimodzi, ndipo ndiziwerenge pachokhapachokha. Nditatero, mzere umodzi uja unapezeka kuti unali mulu wa majini ofanana kwambiri koma osiyana apa ndi apo. Chimene ndinkachipukuta ndi mankhwala kwa miyezi itatu chinali chotsatira chenicheni cha kafukufuku wanga.

Apa m'pamene ndinayamba kuwerenga mozama za mmene majini a malovu anachulukirana. Pamene DNA ikukopedwa kuti ipite ku m'badwo wotsatira, nthawi zina chigawo china chimakopedwa kawiri, ndipo mwana amabadwa ndi makope awiri a jini limodzi, kawirikawiri oyandikana pa chromosome imodzi. Kope limodzi likapitiriza ntchito yakale, linalo limakhala ndi mpata wosintha popanda kuika moyo wa nkhupakupa pachiswe. Ambiri mwa makope oterewa amawonongeka n'kusiya kugwira ntchito, koma ena amasintha pang'ono mphako yawo n'kuyamba kugwira chinthu china. Zimenezi zikabwerezedwa kwa zaka mamiliyoni ambiri, jini limodzi limasanduka banja la majini makumimakumi. N'chifukwa chake ma lipocalin a nkhupakupa ena amagwira histamine, ena serotonin, ena leukotriene, pamene ina yotchedwa OmCI, ya nkhupakupa yofewa khungu ya Ornithodoros moubata, imagwira puloteni ya chitetezo cha m'thupi yotchedwa C5, ndipo inafika poyesedwa ngati mankhwala a anthu pa dzina lakuti nomacopan. Banja lina lalikulu ndi la Kunitz. M'banja limeneli muli TAP, imene inafotokozedwa mu 1990 kuchokera kwa Ornithodoros moubata yomweyo ndipo imatseka factor Xa kuti magazi asaundane, komanso Ixolaris ya nkhupakupa ya Ixodes scapularis, imene inafotokozedwa mu 2002 ndipo imatseka njira yoyambitsa kuundanako. Palinso ma serpin, ma cystatin, ma metalloprotease ndi mapuloteni odzaza ndi glycine amene amauma n'kukhala ngati simenti yomatira mlomo wa nkhupakupa pakhungu. Chodabwitsa n'chakuti mapuloteni awiri a banja limodzi angathe kusiyana pafupifupi zilembo zonse koma n'kupindika mofanana, chifukwa timilatho ta cysteine timene timagwira chimango chake sitisuntha pamene zina zonse zikusintha.

Funso limene linandisowetsa tulo linali lakuti n'chifukwa chiyani majini amenewa amasintha mofulumira chonchi, pamene jini ngati la actin, puloteni ya chimango cha selo, ndikaliyerekeza pakati pa mitundu iwiri ya nkhupakupa linkafanana pafupifupi chilembo ndi chilembo. Yankho lake linaoneka kalekale, mu 1939, pamene William Trager anaonetsa kuti mbira zimene zinalumidwapo ndi nkhupakupa za Dermacentor variabilis zinkakana nkhupakupa za ulendo wotsatira, moti zambiri zinkalephera kukhuta. Thupi la nyama limaphunzira kuzindikira mapuloteni a m'malovu ndipo limapanga ma antibody, amene ndi mapuloteni a chitetezo olimbana nawo. Actin ili mkati mwa maselo a nkhupakupa, kumene chitetezo cha ng'ombe sichiiona, koma puloteni ya m'malovu imalavulidwa pamaso pa mdani tsiku lililonse. Choncho nkhupakupa imene puloteni yake yasintha maonekedwe akunja koma ikugwirabe ntchito imakhuta bwino kuposa zinzake, imaikira mazira ambiri, ndipo kusinthako kumafalikira. Nyama nazo zimasintha m'mibadwo yawo, ndipo mpikisanowu sukhala ndi pothera. Zimenezi zimaoneka ngakhale m'zilembo za DNA. Wofufuza akawerenga kusintha kumene kumasinthitsa amino acid, tizigawo timene timapanga puloteni, n'kukuyerekeza ndi kusintha kumene sikukhudza puloteni, amapeza kuti m'majini ambiri a malovu mtundu woyambawo ndi wochuluka kuposa mmene zimakhalira m'majini wamba.

Ndikanakonda kunena kuti kuchokera pamenepo zinthu zinayenda bwino, koma cholakwa chachiwiri chinali chitabisala kale m'firiji. Nditapanga ma primer olozera jini limodzi lokha, ndinayamba kuyeza kuchuluka kwa RNA yake m'tiziwalo ta malovu. Gulu loyamba la nkhupakupa linaonetsa kuti jinilo linali lotseguka kwambiri, gulu lachiwiri linaonetsa ngati kulibe, lachitatu linali pakatikati. Ndinabwereza kangapo konse ndipo manambala ankangovinavina. Nditabwerera ku buku langa la m'labotale ndinapeza kuti gulu lina ndinalichotsa pa kalulu litayamwa masiku awiri, lina masiku asanu, ndipo lina sindinalembe n'komwe, chifukwa ndinkachotsa nkhupakupa tsiku limene ndapeza mpata. Pa timachubu ndinkangolemba mtundu wa nkhupakupa ndi mawu akuti "yaikazi, yoyamwa". José Ribeiro, amene mu 1985 anafotokoza pamodzi ndi anzake mphamvu za malovu a nkhupakupa zoletsa kuundana kwa magazi ndi kufooketsa chitetezo, ndiponso amene anafalitsa mawu akuti sialome otanthauza mapuloteni onse a m'malovu, anasonyeza pamodzi ndi Shahid Karim mu 2015 kuti nkhupakupa ya Amblyomma americanum imasinthasintha majini a malovu amene ikugwiritsa ntchito pamene kuyamwa kukupitirira. Majini otseguka m'maola oyambirira si omwewo otseguka pakati pa sabata, ndipo kawirikawiri jini likatsekeka limalowedwa m'malo ndi m'bale wake wa banja lomwelo. Nzeru yake n'njoonekeratu. Ma antibody amatenga masiku angapo kuti apangidwe mokwanira, ndipo akamafika amapeza puloteni imene anakonzekera itachoka kale, pali ina yooneka mosiyana koma yogwira ntchito yomweyo. Manambala anga sanali olakwika. Ndinkayerekeza nkhupakupa za masiku osiyana ngati kuti ndi chinthu chimodzi.

Cholakwa chachitatu chinali chopweteka kwambiri chifukwa chinakhudza funso lenileni la digiri yanga. Ndinabaya nkhupakupa zosayamwa ndi RNA ya zingwe ziwiri yofanana ndi jini langa, njira yotchedwa RNAi imene imachititsa kuti selo liwononge uthenga wa jinilo lisanapange puloteni. Kuyeza kunaonetsa kuti uthengawo watsikadi kwambiri. Ndinaziika pa kalulu ndikuyembekezera kuti zilephera, koma zinamatirira, zinayamwa, zinakhuta, zinagwa ndipo zinaikira mazira ngati zinzake zimene sindinazibaye. Ndinaona ngati ndalemba m'madzi, ndipo ndinatsala pang'ono kulemba m'lipoti kuti puloteniyo ilibe ntchito. Mawu amenewo akanakhala abodza. Pamene pali achibale ambiri ogwira ntchito zolowerana, kuchotsapo mmodzi sikusiya mpata wooneka, ndipo kuwonjezera apo kuyabwa ndi kutupa kumatsekedwanso ndi mapuloteni a mabanja ena. Chitsanzo ndi ma evasin, amene anapezeka koyamba m'malovu a nkhupakupa ya agalu, Rhipicephalus sanguineus, ndipo amagwira ma chemokine, amithenga amene amaitana maselo oyera kuti abwere pabala. Panalinso mfundo ina imene ndinainyalanyaza, yakuti kalulu wanga anali asanalumidwepo, pamene phindu la puloteni ina lingaonekere pa nyama imene inakumanapo kale ndi nkhupakupa. Chotsatira chakuti palibe chasintha chimafunika kuchilemba mosamala, pofotokoza nyama imene yagwiritsidwa ntchito, tsiku la kuyamwa ndiponso achibale a jinilo amene anatsala otseguka.

Zimenezi zinandithandiza kumvetsa chifukwa chake katemera woteteza ziweto ku nkhupakupa wakhala wovuta kupanga kuchokera m'malovu, ngakhale kuti malovuwo ndi amene amalowa m'thupi. Katemera amene anafika pamsika, TickGARD ku Australia mu 1994 ndi Gavac ku Cuba, sanachokere m'malovu ayi, koma ku puloteni ya m'matumbo a nkhupakupa yotchedwa Bm86, imene chitetezo cha ng'ombe sichikumana nayo mwachibadwa, choncho sinakakamizidwe kusinthasintha ngati ya m'malovu. Ma antibody amalowa m'mimba mwa nkhupakupa pamodzi ndi magazi n'kuwononga matumbowo. Amene anayesa njira ya malovu mwanzeru sanadalire puloteni imodzi. Mu 2021 gulu la Erol Fikrig ku Yale linapanga katemera wa mRNA wonyamula malangizo opangira mapuloteni 19 a m'malovu a Ixodes scapularis nthawi imodzi, ndipo mbira zimene zinalandira katemerayo zinkafiira msanga pamalo olumidwa, nkhupakupa n'kumayamwa movutikira ndi kugwa msanga. Nditawerenga nambala ya 19 imeneyo ndinakumbukira jini langa limodzi lija ndipo ndinadziseka.

Nkhani ina imene inanditayitsa nthawi, ngakhale kuti sinafike pa zitatu zija, inali yodalira kwambiri nkhokwe za majini za pa intaneti. Ndikaika mndandanda wa zilembo mu BLAST, pulogalamu yofufuzira majini ofanana, n'kupeza kuti palibe chofanana nawo, ndinkauika pambali ngati zinyalala. Koma m'tiziwalo ta malovu, majini ambiri osadziwika ndi amene ali ofunika, chifukwa asintha kwambiri moti makina sakuwazindikiranso, kapena chifukwa amapezeka mu mtundu umodzi wokha wa nkhupakupa. Variegin, puloteni yaing'ono ya ma amino acid 32 ya Amblyomma variegatum imene imatseka thrombin, puloteni younditsa magazi, ndi chitsanzo cha kanthu kakang'ono kamene munthu wothamanga angakadumphe. Ndinkadaliranso kwambiri DNA yonse ya Ixodes scapularis, imene inasindikizidwa mu 2016 ndipo ili ndi zilembo pafupifupi 2.1 biliyoni, zambiri mwa izo zobwerezabwereza. Ndinkaiwala kuti Ixodes ndi Rhipicephalus zinasiyana njira kalekale kwambiri, ndiponso kuti makompyuta polumikiza tizidutswa ta DNA amakonda kuphatikiza majini ofanana oyandikana n'kuwaonetsa ngati limodzi, zimene zimabisa kukula kwenikweni kwa mabanja a majini a malovu.

Kutalika kwa nthawi imeneyi n'kofunika kukumvetsa. Padziko lapansi pali mitundu ya nkhupakupa pafupifupi 900, yogawidwa m'mabanja atatu: Ixodidae zolimba khungu, Argasidae zofewa khungu, ndi Nuttalliellidae limene lili ndi mtundu umodzi wokha, Nuttalliella namaqua, umene unafotokozedwa mu 1931 ndipo umapezeka ku South Africa, Namibia ndi Tanzania. Mu 2011 Ben Mans ndi anzake anaonetsa kuti mtundu umenewu uli pafupi ndi tsinde la mtengo wonse wa nkhupakupa, ndipo m'matumbo mwake anapezamo magazi a abuluzi. Mu 2017 kunalengezedwa za nkhupakupa imene inapezeka itagwira nthenga ya dinosaur mkati mwa utomoni wouma wa ku Myanmar wa zaka 99 miliyoni. Zofewa khungu zimayamwa mphindi zochepa kufikira ola limodzi ndipo zimabwereza kangapo, pamene zolimba khungu zimakhala masiku, choncho mavuto amene malovu awo ayenera kuthetsa ndi osiyana. Mabanja akuluakulu monga lipocalin ndi Kunitz alipo m'magulu onse awiri, koma kuchulukana kwa majini mkati mwa mabanjamo kunachitika makamaka padera, gulu lililonse mwa njira yake. Ichi n'chifukwa chake dzina la ntchito limene kompyuta imapereka kwa jini potengera kufanana ndi jini la nkhupakupa ya mtundu wina liyenera kutengedwa ngati ganizo loti liyesedwe, osati ngati umboni.

Pulogalamu imene ndinkasefera zotsatira inali ndi lamulo limene ndinaliika ndekha, lakuti chilichonse chofanana ndi jini la bakiteriya kapena la nyama ya msana chichotsedwe, poganiza kuti chachokera ku magazi a kalulu kapena ku dothi la pakhungu. Nthawi zambiri lamuloli ndi loyenera. Koma mu 2015 Seemay Chou ndi anzake anaonetsa kuti nkhupakupa zili ndi majini otchedwa dae amene makolo awo anawatenga kwa mabakiteriya, ndipo mu 2020 kunadziwika kuti puloteni ya Dae2 imapezeka m'malovu a Ixodes scapularis ndipo imapha mabakiteriya a pakhungu monga Staphylococcus, amene akanavulaza nkhupakupayo pamene ikuyamwa. Mu 2014 akatswiri a ku Japan anafotokoza za jini la adrenomedullin, puloteni yotakasa mitsempha, limene nkhupakupa za Ornithodoros zinalitenga kwa nyama za msana. Sindinapeze jini lotere m'ntchito yanga, koma ndinazindikira kuti likanakhalamo sefa yanga ikanalitaya ine osadziwa. Tsopano zimene ndasefa sindizifufuta. Ndimazisunga padera, ndipo ndimafufuza ngati jinilo likupezeka mu DNA ya nkhupakupa zosayamwa ndi ya mazira, komanso ngati lili ndi ma intron, tizigawo ta mkati mwa jini tosapanga puloteni, timene majini a mabakiteriya kawirikawiri alibe.

Pali mbali imodzi ya nkhaniyi imene imakhudza munthu aliyense, ngakhale amene sadzalowapo m'labotale. Tizilombo toyambitsa matenda timapezerapo mwayi pa khungu limene malovu aligonetsa. Mu 2005 kunaonetsedwa kuti bakiteriya wa matenda a Lyme, Borrelia burgdorferi, amadzikuta ndi puloteni ya m'malovu yotchedwa Salp15, imene imamatirira pa puloteni yake ya kunja ya OspC n'kumuteteza ku ma antibody. Bakiteriya ameneyu kawirikawiri amafuna kuti nkhupakupa ikhale itamatirira kupitirira tsiku limodzi kuti alowe m'thupi, ngakhale kuti mavairasi ena amalowa msanga kwambiri, choncho kuchotsa nkhupakupa mwamsanga n'kothandiza. Popeza kuyabwa sikungakuchenjezeni, muyenera kudziyang'ana ndi maso mukachoka m'maudzu, makamaka kuseri kwa mawondo, m'khwapa, m'chiuno ndi m'tsitsi. Mukaipeza, igwireni ndi kachitsulo kopanira kosongoka, pafupi penipeni ndi khungu, n'kuikoka molunjika pang'onopang'ono, kenako tsukani pamalopo ndi sopo. Musaiwotche, musaipake mafuta ndipo musaifinye pamimba. Lembani tsikulo, ndipo ngati pabwera kutentha thupi, zidzolo kapena bala lakuda pakati m'masabata otsatira, kaonaneni ndi dokotala n'kumuuza za kulumidwako. Palinso vuto la alpha-gal, shuga wina amene amapezeka m'malovu a nkhupakupa zina. Anthu sapanga shuga ameneyu chifukwa jini la GGTA1 linasiya kugwira ntchito mwa makolo athu akalekale, ndipo ena akalumidwa thupi lawo limayamba kudana ndi nyama ya zolengedwa zoyamwitsa, zizindikiro n'kumabwera patapita maola angapo munthu atadya. Sheryl van Nunen ku Australia ndi Thomas Platts-Mills ku Virginia ndi ena mwa madokotala amene anazindikira kugwirizana kumeneku.

Chaka chachiwiri ndinayamba ndi kusintha funso. Ndinasiya kufunsa kuti ndi jini liti limaletsa kuyabwa, n'kuyamba kufunsa kuti ndi achibale ati a banja la lipocalin amene amatseguka tsiku liti, mwa yaimuna ndi mwa yaikazi, pa kalulu watsopano ndi pa kalulu wolumidwapo kale. Ndisanapange primer iliyonse ndinayamba ndawerenga RNA yonse ya m'tiziwalo ta malovu a nkhupakupa zanga zenizenizo, n'kundandalika achibale onse kuti ndione pamene amafanana ndi pamene amasiyana. Ma primer oyezera jini limodzi ndinawaika pamene pali kusiyana, ndipo RNA yotsekera banja ndinaiika pamene pali kufanana. Nkhupakupa ndinayamba kuzichotsa pa maola owerengedwa kuchokera pamene zamatirira, osati pamene ndaziika m'thumba, chifukwa zina zimayendayenda tsiku lathunthu zisanalume, ndipo chilichonse ndinkachiyeza ndi kulemera kwake pa sikelo. Chithunzi chilichonse chosamveka ndinkapita nacho kwa aphunzitsi sabata yomweyo. Timachubu 60 ta chaka choyamba tija tidakali m'firiji, m'bokosi la pansi, tonse tolembedwa kuti "yaikazi, yoyamwa". RNA yake ndi yabwinobwino koma sindingaigwiritse ntchito pa chilichonse, ndipo wophunzira watsopano akabwera kudzaphunzira kung'amba nkhupakupa, ndimayamba ndamutsegulira bokosi limenelo ndisanamupatse mpeni.